Citadel ya ku Oldtown: mafunso ndi mayankho okhudza sukulu ya ochiritsa ya ku Westeros

Anthu ambiri amene anaonera Game of Thrones kapena House of the Dragon amakumbukira zinjoka zouluka, nkhondo ndi maukwati othera m'magazi. Komabe m'chipinda chilichonse momwe mwagona munthu wovulala, mfumu yodwala kapena mayi amene akuchira, mumapezeka bambo wina wovala mkanjo wotuwa ndi unyolo m'khosi. Bamboyo amatchedwa maester, ndipo ntchito yake anaiphunzira ku Citadel, m'dziko lopeka la Westeros. Mayankho ali m'munsimu atsamira pa mabuku a George R. R. Martin, kuyambira A Game of Thrones la mu 1996 mpaka Fire & Blood la mu 2018, ndipo pamene mafilimu apatuka pa zimene zili m'mabuku, zanenedwa. Amene sanafike kumapeto kwa nkhaniyi adziwiretu kuti zinsinsi zina zaululidwa. Zaka za ku Westeros zimawerengedwa kuchokera pamene Aegon Targaryen analongedwa ufumu.

Kodi Citadel n'chiyani, ndipo ili kuti?

Citadel ndi likulu la gulu la amaester, ndipo ndiyo sukulu yokhayo ya maphunziro apamwamba m'dziko lonse la Westeros. Ili mumzinda wakale wa Oldtown, kum'mwera chakumadzulo kwa dzikolo, kumene mtsinje wa Honeywine umathira m'nyanja. Nyumba zake zili tsidya lino ndi tsidya lina la mtsinjewo, ndipo zimalumikizidwa ndi milatho yamiyala. Pachipata pali zosema ziwiri zobiriwira zokhala ndi thupi la mkango, mapiko a chiwombankhanga ndi mchira wa njoka, china cha nkhope ya mwamuna, china cha nkhope ya mkazi. Nyumba yakale kuposa zonse ili pa kachilumba kotchedwa Isle of Ravens, komwe amawetako akhwangwala onyamula makalata.

Pamalopa pamaphunzitsidwa mbiri yakale, masamu a chuma, kayendedwe ka nyenyezi, luso la nkhondo ndi zina zambiri, koma kwa mabanja amene amalipira kuti akhale ndi maester, phunziro lofunika koposa ndi la kuchiritsa. Mwini linga akhoza kupeza mlembi kwina, koma sangapeze kwina munthu wodziwa kusoka bala, kulumikiza fupa ndi kupima mankhwala oletsa ululu.

Inayamba bwanji?

Mbiri imene amaester eni ake amafotokoza imati inayamba ndi kalonga wina wa banja la Hightower, dzina lake Peremore, mwana wa Mfumu Uthor. Iye anabadwa wolumala ndipo masiku ambiri a moyo wake waufupi anathera pamphasa, koma anali ndi ludzu lofuna kudziwa zinthu, motero anasonkhanitsa anzeru, asing'anga, ansembe, oimba ndi amatsenga kuti azimva akutsutsana. Atamwalira, mbale wake Urrigon anapatsa anthuwo malo m'mbali mwa Honeywine. N'zochititsa chidwi kuti sukulu ya ochiritsa imati inayambitsidwa ndi wodwala. Kuyambira pamenepo banja la Hightower lakhala likuisamalira, ndipo amene amadyetsa sukulu sangalephere kukhala ndi mawu pa zimene sukuluyo imalemba.

Munthu amaphunzira bwanji mpaka kukhala maester?

Mnyamata aliyense akhoza kulowa, kaya ndi mwana wa mfumu, kaya ndi mwana wa mlimi, ndipo palibe chiwerengero cha zaka chimene chinaikidwa kuti amalize. Wongofika kumene amamvera zimene aphunzitsi aakulu, otchedwa archmaester, amaphunzitsa poyera, amawatumikira m'zipinda zawo, ndipo akadziona kuti wakhwima pa phunziro lina amapita yekha kukapempha kuti ayesedwe. Mayeso ake ndi apakamwa: mphunzitsi wamkulu wa phunzirolo amamufunsa mafunso maso ndi maso. Akakhoza amalandira mphete imodzi yachitsulo, yomwe ndi chiyambi cha unyolo wake. Mphetezo zikachuluka mokwana kuzungulira khosi, amalumbira kuti sadzakwatira, sadzakhala ndi malo akeake, ndipo amasiya dzina la banja lake.

Buku la A Feast for Crows la mu 2005 limayamba ndi mnyamata amene dongosololi linamukanika, dzina lake Pate. Anafika ali ndi zaka 13, ndipo patatha zaka zisanu khosi lake linali lidakali lopanda kanthu. Poyamba anakayesedwa za nyenyezi kwa Vaellyn, mphunzitsi wa lilime lakuthwa amene ophunzira anamupatsa dzina la viniga, ndipo anachokako atanyozeka kotero kuti panapita zaka ziwiri asanalimbenso mtima. Kachiwiri anasankha Ebrose, mkulu wa za kuchiritsa, wodziwika ndi mawu ofatsa ndi manja odekha, koma kuusa moyo kwa mkuluyo pomva mayankho ake kunamupweteka chimodzimodzi ndi chipongwe cha Vaellyn. Ntchito imene inamutsalira inali yosamalira akhwangwala ndi kusambitsa Walgrave, mphunzitsi wokalamba amene nzeru zinali zitamuthawa. Pa nthawi yomweyo mnzake Alleras anapeza mphete zitatu m'chaka chimodzi.

Ena amachoka asanamalize mwa kufuna kwawo. Kalonga Oberyn Martell anasula mphete zisanu ndi imodzi kenako anatopa nazo, ndipo zimene anatengako zinaonekera pa mkondo wake wopakidwa poizoni.

Unyolo wa m'khosi umatanthauza chiyani?

Phunziro lililonse lili ndi chitsulo chake. Siliva ndi wa kuchiritsa, golide wachikasu ndi wa chuma, mkuwa ndi wa mbiri yakale, chitsulo wamba ndi cha nkhondo, chitsulo chakuda ndi cha kuweta akhwangwala, ndipo chitsulo cha ku Valyria ndi cha zamatsenga. Maester Luwin wa ku Winterfell anauza Bran Stark kuti mwa amaester 100 aliwonse, mmodzi yekha ndiye amavala mphete yomalizayi. Mphunzitsi wamkulu wa phunziro lililonse amakhala ndi mphete ya pachala, ndodo ndi chophimba kumaso zopangidwa ndi chitsulo cha phunziro lakelo, choncho za Ebrose ndi zasiliva.

Unyolowo savula ngakhale pogona, ndipo umakhala wothina mwadala kuti mwini wake asaiwale kuti ndi mtumiki. Kusiyana kwa zitsulo kumaphunzitsanso kuti dziko silingayende ndi olemekezeka okha popanda alimi, amisiri ndi amalonda. Phunziroli ndi labwino, ngakhale kuti, monga tionere, ntchito yeniyeni ya amaester imathera kwa olemekezekawo.

Kodi mwambo wa kandulo yagalasi ndi wotani?

Usiku womaliza asanalumbire, wophunzira amatsekeredwa m'chipinda chapansi cha mdima wandiweyani, alibe nyali, alibe muuni, koma kandulo imodzi yosemedwa kuchokera ku mwala wakuda wonga galasi, yam'mbali mwakuthwa ngati lumo. Amauzidwa kuti akhala mumdima mpaka kucha pokhapokha akaiyatsa. Ena amayesa ndipo amatuluka m'mawa zala zili magazi okhaokha, pamene ena amangopemphera kapena kugona. Cholinga chake n'chakuti munthu amene waphunzira zochuluka avomereze kuti pali zinthu zimene maphunziro ake sangazikwanitse. Kwa munthu amene akukayamba ntchito yoimirira pambali pa odwala amene ambiri a iwo sadzachira, ndi phunziro loyenera kulandira asanapatsidwe unyolo. Chimene chasokoneza mwambowu m'mabuku omaliza n'chakuti kandulo ya m'chipinda cha mphunzitsi Marwyn yayamba kuyaka.

Kodi mankhwala a amaester amachizadi?

Pa mabala ndi mafupa amachita bwino kuposa mmene tingayembekezere kwa anthu osadziwa za tizilombo toyambitsa matenda. Chitsanzo chooneka bwino chili mu A Storm of Swords la mu 2000, pamene Jaime Lannister anafika ku Harrenhal dzanja lake lamanja litadulidwa, chilonda chikununkha ndi kutuluka mafinya, thupi likutentha. Qyburn, amene anaphunzira ku Citadel, ananena kuti njira yotetezeka ndi kudula mkono wonse. Jaime atakana, Qyburn anadula mnofu wovunda wokhawo, anatsuka chilondacho ndi vinyo wowiritsa, ndipo anachimanga ndi mankhwala a masamba oyabwa, njere za mpiru ndi chuku cha buledi. Jaime anakana mankhwala ogonetsa poopa kuti angadzuke alibe mkono, motero anamva zonsezo ali maso, koma mkonowo unapulumuka.

Chimene chinathandiza kwambiri pamenepa ndi kuchotsa mnofu wakufa, zomwe madokotala amachitabe mpaka lero. Chuku cha buledi chimakumbutsa owerenga za penicillin, amene Alexander Fleming anamutulukira mu 1928, koma mankhwala amenewa amachita kuyengedwa kuchokera ku mtundu wina wa chuku, ndipo munthu wopaka buledi wowola pachilonda amangowonjezera matenda. Vinyo wowira nayenso amawotcha mnofu wamoyo. Dokotala wa ku France, Ambroise Paré, anazindikira zofanana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 1530, pamene mafuta owira amene ankathira pa mabala a mfuti anamuthera kunkhondo. Asilikali amene anangowapaka mankhwala ofewa a dzira ndi mafuta a maluwa anagona bwino, pamene owotchedwa aja anachezera kubuula.

Pa ululu, amaester amadalira madzi oyera otchedwa milk of the poppy, ochokera ku duwa lomwelo limene limatipatsa morphine, mankhwala amene Friedrich Sertürner anawapatula cha m'ma 1805. Mfumu Robert Baratheon anawamwa atatumbulidwa ndi nguluwe, ndipo Hoster Tully anawamwa pa matenda ake aatali. Mabuku sabisa kuipa kwake, pakuti Gregor Clegane amawamwa ngati mowa chifukwa cha mutu umene umamuwawa kosalekeza. Palinso mankhwala otsekemera otchedwa sweetsleep, amene Maester Colemon amapatsa Robert Arryn, mwana wodwala matenda onjenjemera ofanana ndi khunyu. Pang'ono amakhazika mtima pansi, koma akachuluka munthu sadzukanso, ndipo satuluka msanga m'thupi. Colemon amadziwa zimenezi ndipo amachenjeza, koma akulu amene akufuna kuti mwanayo aoneke wamphamvu pamaso pa anthu amamukakamiza, iye n'kugonja.

Pofooka penipeni ndi pa matenda a m'kati mwa thupi. Kutentha thupi, kukomoka ndi kufooka, zonse amazithamangira ndi misundu yoyamwa magazi, zomwe zimangofooketsa wodwala. Ngakhale pakati pawo amasiyana luso. Mfumu Viserys woyamba atadzicheka dzanja pa mpando wachifumu wa malupanga, chithandizo cha Mellos, maester wamkulu wa kunyumba yachifumu, sichinaphule kanthu, mpaka mwana wake wamkazi Rhaenyra anabweretsa maester Gerardys kuchokera ku Dragonstone, amene anadula zala ziwiri n'kupulumutsa moyo wa mfumuyo.

Kodi matenda a greyscale ndi khate?

Ndi matenda opeka, koma zambiri za iwo zikufanana ndi khate. Amakonda ana, makamaka kumalo ozizira ndi achinyontho. Khungu limauma, limasanduka lotuwa ndi lakuda, limang'ambika ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, ndipo pamalopo munthu samvanso kukhudza. Shireen, mwana wa Stannis Baratheon, anadwala ali wakhanda ndipo anapulumuka, koma tsaya lake ndi khosi zinatsala zolimba ngati mwala. Kwa akulu matendawa amayenda pang'onopang'ono kuchokera ku zala mpaka m'kati mwa thupi ndi m'mutu, ndipo odwala otere amatayidwa kumabwinja a m'mbali mwa mtsinje wa Rhoyne.

Amaester amayesa mandimu, mpiru, viniga, madzi otentha kwambiri ndi kudula chiwalo, koma palibe njira imene amaidalira. Chimene amadziwa bwino ndi kapimidwe kake. Mu A Dance with Dragons la mu 2011, Tyrion Lannister atagwera m'madzi a kumaloko, Haldon, amene anaphunzira ku Citadel koma osamaliza unyolo, anamupatsa mpeni kuti azidzibaya zala za kumanja ndi za kumapazi. Akamva kuwawa ndiye kuti ali bwino, koma tsiku limene sadzamva kanthu ndilo loopsa. Azaumoyo amapima khate ndi nzeru yomweyo, kungoti amakhudza banga la pakhungu ndi thonje osati mpeni. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti khate limayamba ndi kachilombo kamene Gerhard Armauer Hansen anakapeza mu 1873, silipatsirana mosavuta, ndipo limachizika ndi mankhwala amene bungwe la World Health Organization lakhala likupereka kwaulere kuyambira mu 1995.

Mu filimu, m'gawo la mu 2017, Samwell Tarly (Sam), wophunzira wa ku Citadel, anachiza Jorah Mormont pomusenda khungu lodwalalo usiku umodzi. M'mabuku mulibe zimenezi, ndipo wodwala matendawa ndi munthu wina, Jon Connington, amene akuwabisa m'magolovesi.

Nanga miliri ikagwa, Citadel imachita chiyani?

Imalemba bwino mbiri ya mliri, koma kuuletsa kumaikanika. M'nyengo yozizira ya chaka cha 59 ndi 60 kunagwa mliri wotchedwa Shivers, umene munthu ankayamba kumva kuzizira, kenako kunjenjemera mpaka mano kugundana, milomo n'kuda. Unapha olemera ndi osauka omwe, kuphatikizapo kamwana kakakazi ka Mfumu Jaehaerys, Daenerys, ngakhale kanazunguliridwa ndi ochiritsa odziwa koposa m'dzikolo. Mu 209 kunabwera mliri wina wotchedwa Great Spring Sickness, umene unapha anthu anayi mwa khumi aliwonse mumzinda wa King's Landing, pamodzi ndi Mfumu Daeron wachiwiri ndi adzukulu ake awiri. Mitembo inachuluka mpaka inatenthedwa pamodzi. Madera a Dorne ndi Vale anapulumuka chifukwa anatseka madoko ndi njira za m'mapiri.

Nkhani yowawa kwambiri imafotokozedwa ndi Pycelle, amene anali mnyamata ku Oldtown pamene mliri wotchedwa grey plague unapha theka la mzindawo ndi anthu atatu mwa anayi aliwonse a mu Citadel. Quenton Hightower, mwini mzinda, anatentha zombo zonse padoko, anatseka zipata, ndipo analamula alonda kupha aliyense wofuna kuthawa, kaya mwamuna, mkazi kapena khanda. Mliriwo sunatuluke mumzindamo. Tsiku limene anatsegulanso doko, anthu otsala anamutsitsa pa kavalo n'kumupha pamodzi ndi mwana wake wamng'ono. Mzinda weniweni wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik, unakhazikitsa lamulo lofatsa kuposa limeneli mu 1377, loti ochokera kumalo a mliri azidikira masiku 30 kunja asanalowe. Ku Westeros, monga ku Ragusa, chimene chinapulumutsa anthu ndi lamulo la olamulira, osati mankhwala a ophunzira.

Kodi amaester amachita kafukufuku pa matupi a anthu?

Amatumbula mitembo kuti aphunzire mmene thupi limagwirira ntchito, ndipo akhala akutero kwa zaka mazana ambiri. Pamenepa Citadel ikufanana ndi sukulu za ku Italy, monga ya ku Bologna, kumene Mondino de Luzzi analemba buku la kapangidwe ka thupi mu 1316 atatumbula mitembo pamaso pa ophunzira. Malire ake ndi amodzi: munthu wamoyo satumbulidwa pofuna kuphunzira.

Qyburn ndiye anadumpha malirewo. Iye mwini amavomereza kuti luso lake linali lofanana ndi la Ebrose ndipo ankafuna kumupambana, ndipo amati popeza anzake ankatsegula akufa kuti amvetse moyo, iye anatsegula amoyo kuti amvetse imfa. Citadel inamulanda unyolo n'kumuthamangitsa. Apa ndi pamene chilango cha sukuluyi chimaonekera kuchepa kwake, chifukwa kulanda unyolo sikulanda nzeru. Qyburn anakalowa gulu la asilikali aganyu odziwika ndi nkhanza, kenako anakapezeka kunyumba yachifumu, kumene Cersei Lannister anamupatsa zipinda za pansi pa ndende, Gregor Clegane amene anali kufa ndi poizoni, ndiponso akazi amene mfumukaziyo inkafuna kuti asaonekenso. Palibe wa ku Oldtown amene anabwera kudzafunsa.

Mlandu wotere si wa m'nthano zokha. Wolemba wachiroma Celsus ananena kuti Herophilus ndi Erasistratus, madokotala a ku Alexandria, ankatumbula akaidi amoyo amene mafumu ankawapatsa. Malamulo a ku Nuremberg a mu 1947, amene mfundo yake yoyamba ndi yakuti munthu avomere yekha asanachitidwe kafukufuku, analembedwa pambuyo pa milandu ya madokotala a chipani cha Nazi. Chovuta pa Qyburn n'chakuti iye ndi mmodzi mwa ochiritsa aluso koposa m'nkhani yonseyi, ndipo wowerenga amene anasangalala kuti mkono wa Jaime wapulumuka amayenera kukumbukira kumene lusolo linachokera.

Kodi akazi amaloledwa kuphunzira?

Saloledwa. Mfumukazi Alysanne itacheza ku Citadel inamvera maphunziro, inawerenga m'nyumba ya mabuku, ndipo inapempha aphunzitsi aakulu kuti ayambe kulandira atsikana. Iwo anamwetulira n'kulonjeza kuti aiganizira nkhaniyo, ndipo patapita zaka zoposa 200 chipata chidakali chotseka. Owerenga ambiri amakhulupirira kuti Alleras, wophunzira wanzeru uja, ndi Sarella Sand, mwana wamkazi wa Oberyn, chifukwa dzina limodzi ndi linzake lowerengedwa chobwerera. Pa mfundo imeneyi Westeros yatsalira kumbuyo kwa mbiri yeniyeni, pakuti ku Salerno kunali mayi wochiritsa, Trota, amene zolemba zake za matenda a amayi ndi za m'zaka za m'ma 1100.

Zotsatira zake zimaoneka m'chikuta. Mu chaka cha 54 Alyssa Velaryon, mayi wa Mfumu Jaehaerys, anavutika pochira ali wamkulu kale, ndipo maester ananena kuti mayiyo sangapulumuke koma mwana akhoza kupulumuka akang'ambidwa. Mwana anabadwa wamoyo, mayi anamwalira. Filimu ya House of the Dragon ya mu 2022 inaonetsa zofanana ndi zimenezi pa Mfumukazi Aemma, ndipo chimene chinakhumudwitsa oonera ambiri n'chakuti maester anafunsa mwamuna, osati mwini thupi.

Kodi anthu wamba amathandizidwa ndi amaester?

Mwa apo ndi apo, ndipo ili ndilo bala lalikulu la Citadel. Maester amatumizidwa ku linga limene mwini wake angathe kulipira. M'midzi mulibe zipatala, ndipo sukuluyi situmiza ophunzira ake kukayendera alimi. Ngakhale olemekezeka osauka amasowa thandizoli. Mu nkhani yaifupi ya The Sworn Sword ya mu 2003, Eustace Osgrey, msilikali wokalamba wa banja limene linagwa, alibe maester, pamene mnansi wake wolemera Rohanne Webber ali naye, ndipo Dunk, msilikali wotumikira Osgrey, atavulala anachizidwa ndi maester wa mbali imene ankalimbana nayo.

Munthu wa kumudzi akathyoka mwendo kapena mwana wake akatsegula m'mimba, amapita kwa mzamba, kwa mayi wodziwa zitsamba wa kunkhalango, kwa wometa tsitsi amene amazulanso mano, kapena kwa anthu a chipembedzo, monga mkulu wa abale a pa chilumba cha Quiet Isle amene amadziwika ndi manja ochiritsa. Anthu amenewa amaester amawayang'anira pansi. Marwyn yekha ndiye amanenedwa kuti amacheza ndi asing'anga, amalinyero ndi anthu a m'makwalala, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anzake samukhulupirira. Thandizo limene anthu wamba a ku Oldtown amapeza mosavuta ndi la pafupi ndi chipata, pamalo otchedwa Scribe's Hearth, pamene ophunzira amawalembera ndi kuwawerengera makalata.

Pate anali ataona mpata umenewu. Maloto ake anali ogula bulu, kutenga mtsikana amene ankamukonda, ndi kumayenda m'midzi akulumikiza mafupa, kuika misundu ndi kumeta anthu. Ankadziwa kuti ngakhale Ebrose sanamuone woyenera siliva, alimi akanamuthokoza. Mnyamata amene sukulu inamuyesa wolephera akanathandiza anthu ambiri kuposa anzake okhoza, amene aliyense amakatsekeredwa m'linga limodzi kusamalira banja limodzi.

Maester amatumikira ndani kwenikweni?

Lumbiro limati amatumikira linga, osati munthu, kotero kuti linga likalandidwa amatumikira wolandayo. Luwin ndiye chitsanzo cha kusunga lumbiroli. Anathandiza Catelyn Stark pobereka ana ake onse asanu ndipo anawaphunzitsa kuwerenga, koma Theon Greyjoy atalanda Winterfell, anamulangiza moona mtima, mpaka kumuuza kuti agonje n'kukalowa gulu la alonda a ku Wall, chikhoma chachikulu cha kumalire a kumpoto, kuti apulumutse moyo wake. Aemon ndi chitsanzo china. Anali mwana wa mfumu, anakana ufumu mu 233 chifukwa cha lumbiro lake, ndipo anathera moyo wake kumpoto kozizira akuchiza alonda, mpaka anachita khungu n'kumwalira ali ndi zaka 102.

Pycelle ndi mbali inayo. Anali maester wamkulu wa mafumu angapo, wosankhidwa ndi bwalo la aphunzitsi aakulu lotchedwa Conclave, koma mtima wake unali ku banja la Lannister. Jon Arryn, nduna yaikulu ya Mfumu Robert, atadyetsedwa poizoni, Colemon anayamba kumutsuka m'mimba, zomwe zikanatha kumupulumutsa. Pycelle anamuchotsa pa wodwalayo, chifukwa ankadziwa kuti Arryn watulukira chinsinsi cha ana a Mfumukazi Cersei Lannister. Sanathire poizoni, anangoletsa chithandizo, ndipo zimenezi zinakwanira.

N'chifukwa chake Barbrey Dustin, mayi wolemekezeka wa kumpoto, amatcha amaester makoswe otuwa. Mfundo yake ndi yomveka: munthu mmodzi ndiye amapima mankhwala a mwini linga, amaphunzitsa ana ake, amawerenga ndi kulemba makalata ake, ndipo dzina la banja limene anachokera labisika kumbuyo kwa unyolo.

Kodi n'zoona kuti Citadel inapha zinjoka?

Amene amanena zimenezi ndi Marwyn. Chinjoka chomaliza cha banja la Targaryen chinafa mu 153, chili chaching'ono ndi chodwaladwala, ndipo Marwyn anauza Sam kuti sanali asilikali amene anathetsa zinjoka, koma anzake a mikanjo yotuwa, amene akumanga dziko lopanda malo a matsenga ndi maulosi. Anawonjezera kuti Aemon anasiyidwa ku Wall chifukwa cha magazi ake a Targaryen. Awa ndi mawu a munthu mmodzi wokwiya ndi anzake, ndipo ayenera kumvedwa motero. Komabe wowerenga akumbukire kuti The World of Ice & Fire la mu 2014 linalembedwa ngati ntchito ya Maester Yandel, ndipo Fire & Blood ngati ya Archmaester Gyldayn. Pafupifupi zonse zimene timawerenga za mbiri ya Westeros, ngakhale za Citadel yomweyo, zadutsa m'manja mwa anthu ovala unyolo.

Nanga Samwell Tarly anamaliza maphunziro ake?

Sam ankafuna kukhala maester kuyambira ali mwana, koma bambo ake, Randyll Tarly, anamumanga ndi maunyolo kukhoma la ndende masiku atatu kuti chilakolakocho chimuchoke, ponena kuti mwana wa banja lawo sangakhale wantchito wa ena. Choncho Jon Snow, mkulu wa alonda a ku Wall, atamulamula kupita ku Oldtown kuti adzalowe m'malo mwa Aemon, Sam anachita mantha, osati ndi mabuku, koma ndi mitembo imene adzayenera kutumbula ndiponso ndi mawu a bambo ake. Mu filimu timamuona akutaya zonyansa za odwala, akugawa msuzi, akuthawa ndi mabuku akuba, ndipo pomaliza mu 2019 ali pa mpando wa maester wamkulu.

M'mabuku nkhani yake yaima pa tsiku loyamba. Aemon, amene ananyamuka naye pa ulendowo, anamwalira panyanja, ndipo mtembo wake unasungidwa mu mgolo wa mowa waukali. Sam anafika yekha pachipata cha zosema zobiriwira, anadikira nthawi yaitali pabenchi osaitanidwa, mpaka Alleras anamutengera kwa Marwyn. Mkuluyo anamvetsera zonse, anamulangiza kuti asule unyolo wake msanga ndipo asatchule za zinjoka kwa aphunzitsi ena, kenako ananyamuka kupita kudoko. Amene anatsala kuti amuonetse Sam chipinda chogona anali mnyamata wotumbuluka, waulemu, amene Sam sanamukonde ngakhale sanadziwe chifukwa chake. Mnyamatayo ananena kuti dzina lake ndi Pate, pamene wowerenga anaona Pate akugwa pamiyala ya mumsewu kumayambiriro kwa buku lomwelo, atangopereka kiyi wa Walgrave kwa mlendo.